Mphatso ya amadala isakhale yokagona mu sutikesi

Mawu a lero ali pa 2 Samueli 19:31-39 ndi 2 Timoteo 4:9-21. Muwerenge nokha, ine ndingotolapo pang'ono.

Sondo lachitatu la Juni layandikira, tsiku lokumbukira azibambo, ndipo pa msika funso ndi limodzi: nanga munthu wamkulu timam'gulira chiyani? Kwa amayi sitivutika, chitenje, duku, poto, basi nkhani yatha. Koma zikafika kwa atate, asikulu kapena apongozi aamuna, mutu umaima. Mapeto ake munthu amanyamula tayi, jekete ya suti ndi nsapato zosongoka. Ine ndine wamalonda, ndalama yanu ndimaifuna ndithu, koma ndikuuzeni zoona. Zambiri mwa zimenezi zimalowa mu sutikesi pansi pa bedi, n'kudzatuluka tsiku losambitsa thupi. Inu mwajambula chithunzi, mwaika pa Facebook, anzanu ayamikira. Amadala usiku womwewo agona chipindire miyendo chifukwa cha mphepo.

Taonani Barizilai. Anali ndi zaka 80, ndipo ndiye anadyetsa Davide ku Mahanaimu pamene mfumu inkathawa mwana wake Abisalomu. Nkhondo itatha Davide anafuna kum'bwezera ndi mphatso yaikulu, kupita naye ku Yerusalemu azikadya kunyumba ya mfumu. Nkhalamba inakana. Chakudya sinkachimvanso kukoma, oimba sinkawamvanso bwino, chimene inkafuna ndi kukafera kwawo pafupi ndi manda a makolo ake. Ngakhale mfumu inaphonya mphatso, abale! Kusiyana kwake ndi ife n'kwakuti Davide anamvetsera. Ifeyo tikamanga nyumba ku Lusaka timakakamiza atate kusiya munda, mbuzi ndi anzawo a nsolo, akakhale mu mpanda kuonera TV tsiku lonse, kenaka n'kumadabwa kuti awonda bwanji chonsecho akudya soseji.

Paulo nayenso, ali wokalamba m'ndende, analemba yekha zimene ankafuna: chofunda chimene anasiya ku Trowa kwa Karpo, mabuku, ndi Timoteo mwini wake, afike nyengo yozizira isanayambe. Mndandanda wa munthu wamkulu ndi umenewo mpaka lero.

Chofunda choyamba. Juni ndi Julayi amapweteka nkhalamba m'mafupa kuposa ife. Bulangeti lolemera, juzi ya salaula yabwino, chipewa cha ulusi, masokosi awiri atatu. Chimandiwawa n'chakuti bulangeti latsopano timalipeza msanga pa tsiku la maliro, mpaka kukangana kuti lilowe m'bokosi la ndani. Munthuyo ali moyo ankafunda chiguduli.

Mabuku, koma yambani mwaona maso. Azibambo ambiri anasiya kuwerenga Buku Lopatulika osati chifukwa chikhulupiriro chinazilala, ayi, zilembo zinayamba kuvina. M'tchalitchi amagwira buku la nyimbo koma akuimba za pamtima. Sanena, amachita manyazi. Musangotola magalasi pa msika mwachimbulimbuli, pitani nawo kuchipatala ku Petauke kapena ku Nyimba akapimidwe, chifukwa ngati ndi ng'ala magalasi sathandiza, imafunika opareshoni. Muli komweko apimitseni BP ndi shuga, musanawaunjikire mapaketi a shuga ndi zakumwa zotsekemera. Ndalama ya basi ndi tsiku limodzi lotseka sitandi yanu, imeneyo ndi mphatso, olo simungaikulunge mu pepala.

Zina mungazidziwe pokhapokha mutagona kumudzi usiku umodzi. Mudzamva chitseko chikulira kanayi, kasanu, amadala akupita kuchimbudzi mu mdima, pamene njoka ndi maenje zilipo. Tochi ya sola ndi yotsika mtengo kuposa tayi ndi nsapato zija. Ndipo kudzuka pafupipafupi kumeneko mukakutchule kwa adokotala, si ukalamba chabe nthawi zonse. Mudzaona wailesi yomangidwa ndi mphira, imene amamvera nkhani ndi mauthenga a maliro. Mudzaona njinga yatsamira khoma miyezi itatu chifukwa cha tayala ndi chubu, ndiye chifukwa chake sanaonekenso kutchalitchi, ife n'kumati abwerera m'mbuyo. Mudzaona pa chakudya nyama akuikankhira kwa adzukulu. Si kukhuta kumeneko, mano anatha. Atengereni nthochi za ku Nyimba, uchi, chiponde cha nshawa zathu zomwezi, nsomba ya pa Luangwa yoti iphikidwe mpaka kufewa. Foni ya galasi yosisita ija musavutike nayo, pakatha sabata ili m'manja mwa mdzukulu. Ka mabatani kosunga moto masiku atatu ndiye kawo.

Mukawafunsa adzati "Ine zonse ndili nazo, mwanawe." Mwamuna wa kwathu kuno sapempha kwa mwana wake. Funsani amayi kuseri, kapena mlongo wanu amene amakhala nawo. Ndipo akakugwirirani nkhuku kapena kukuthirirani nshawa mu thumba, landirani ndi manja awiri. Musati "sungani, ife tili nazo." Barizilai anali munthu wopatsa, ndipo mwamuna amene wakhala akudyetsa anthu moyo wake wonse zimam'pweteka kusanduka wongolandira.

Palinso china mu nkhani ija. Mphatso imene anakana, Barizilai anaipempha kuti ipite kwa Kimuhamu. Asikulu ambiri kuno akulera adzukulu amasiye. Sukulu za boma ndi zaulere kuyambira 2022, inde, koma yunifomu, nsapato ndi makope zikufunabe ndalama. Mukam'gulira mdzukulu zimenezo mwachotsa mwala pa chifuwa cha nkhalamba, idzagona tulo.

Manje inu a Airtel Money ndi MoMo, ndimvereni. Kutumiza ndalama si tchimo, ambiri muli kutali ndipo basi yadula. Koma dziwani kuti nambala ya chinsinsi nthawi zambiri ili ndi mphwawo amene amakatapa pa buthu, ndipo zofika m'manja mwa mwini wake ndi zotsala. Imbani foni, mulankhule nawo eni ake, mutchule chiwerengero. Ndipo pa chaka kamodzi fikani ndi miyendo yanu. Nkhalamba imene ana ake saoneka ndi imene mudzi umayamba kuiloza chala mwana wa wina akadwala, makamaka amene akazi awo anatsogola. Malamulo a Zambia amaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma chimene chimatseka anthu pakamwa msanga ndi kuona mwana watsika basi ndi katundu, wakhala pa mphasa pafupi ndi atate ake mpaka dzuwa kulowa.

A Mothers' Union ndi achinyamata, mu mpingo uliwonse muli azibambo awiri atatu amene alibe wowagulira kanthu. Tiwalembe maina Sondo lino mapemphero akatha. Amene muli ndi mabelo a salaula, patulaniko juzi imodzi imodzi, za saizi yaikulu, zosang'ambika m'zigongono.