Kodi Elvis Kafoteka mukumukumbuka?

Mukafunsa mnyamata aliyense wa msinkhu wanga kuti atchule osewera mpira otchuka a dziko lino, mayina amabwera omwewomwewo: Kinnah Phiri, Ernest Mtawali, Esau Kanyenda, Gabadinho Mhango. Palibe cholakwika, anthu amenewa adaugwira mpira. Koma mukakhala pansi ndi akuluakulu a pamsika wa Chimbiya, aja amakangana za Maule ndi Manoma uku akudikira makasitomala a mbatatesi, mumamva mayina ena amene sapezeka pamsana pa jezi iliyonse yogulitsidwa pa kaunjika. Ine ndikuti akuluakulu amenewa amaweruza mpira mwachilungamo kuposa mphotho zomwe zimaperekedwa kumapeto kwa ligi, ndipo ngati ife ophunzira sitilemba zomwe akukumbukazo, zipita nawo kumanda.

Tiyambe ndi masewero omwe aliyense amawanyadira. Pa 11 January 2010 mumzinda wa Luanda ku Angola, timu ya Flames idathidzimula Algeria 3-0 pa mpikisano wa Africa Cup of Nations. Algeria imeneyi idali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho, ndipo pa mpikisano wa ku Angolawo idakafika mpaka mu semifainolo. Mphunzitsi wathu adali Kinnah Phiri, ndipo dzina lake ndi limene limatsogola nkhaniyi ikamakambidwa. Nanga zigolizo adamwetsa ndani? Choyamba adagoletsa Russell Mwafulirwa, amene ntchito yake idali yomweyo. Chachiwiri adachinya ndi mutu Elvis Kafoteka, wotchinga kumbuyo. Chachitatu adamwetsa Davi Banda, msilikali wosewera pakati amene panthawiyo adali ku Red Lions ya ku Zomba. Zigoli ziwiri mwa zitatu zidachokera kwa anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku idali kulanda mpira ndi kutseka mipata. Ndipo ziro wa Algeria uja sadagwe kumwamba: pagolo padali Swadick Sanudi, kutsogolo kwake kuli Peter Mponda ndi anzake.

Ine nthawi imeneyo ndidali mwana wa kupulaimale, ndipo zambiri za masewerowa ndidazimva pakamwa pa anthu. Chimene ndimachiona n'chakuti sapota weniweni sayamba ndi chigoli. Amayamba ndi amene adalanda mpira, amene adathamanga kubwerera kumbuyo anzake atatopa, amene adadzuka atagwetsedwa n'kupitiriza osadandaula. Munthu woti adaonera timu yake chaka ndi chaka, ikupambana ndi kugonja, amadziwa kuti tsiku limene wakutiwakuti sadasewere pakati padali pobowoka ngati dengu lakale. Nyuzipepala ya mawa lake sidalembe zimenezo chifukwa palibe nambala yoziyezera.

Zomwezi zidachitikanso ku Cameroon mu January 2022. Tonse tikukumbuka chigoli cha Gabadinho Mhango chomwe adaponya ali kutali pokumana ndi Morocco, komanso ziwiri zomwe adamwetsa Zimbabwe. Makanema ake akuyendabe pa WhatsApp mpaka lero. Koma kuti Malawi ifike koyamba mu ndime ya matimu 16, idafunika kufanana mphamvu 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, timu imene idakatenga chikhocho. Tsiku limenelo amene adasankhidwa kuti wasewera bwino kuposa onse adali goloboyi Charles Thomu, yemwe mpikisano uja udayamba asali pagolo. Kumbuyoko kudali anyamata ngati Dennis Chembezi, Lawrence Chaziya, Stanley Sanudi ndi Gomezgani Chirwa, ndipo pakati padali John Banda. Papita zaka zochepa chabe, koma yesani kufunsa m'kalasi mwanu kuti ndi angati angatchule atatu mwa iwowa osayang'ana pa foni.

Si vuto la Malawi yokha. Mu 2003 Real Madrid idagulitsa Claude Makélélé ku Chelsea poganiza kuti munthu wosagoletsa ndi wosavuta kupeza mlowam'malo wake. Timu yodzaza ndi akatswiri ija idatha zaka zitatu zotsatira osatenga ligi ya ku Spain, pamene Chelsea idatenga ligi ya ku England mu 2005 ndi 2006. Masapota a Manchester United m'mashoo a mpira akatchula Park Ji-sung nkhope zimawala, ngakhale sadali womwetsa zigoli zambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti Makélélé ndi Park masewero awo adajambulidwa, adasungidwa, ndipo aliyense akhoza kuwaonera lero. Athu ambiri ali m'mitu mwa anthu basi.

Taganizirani za Bullets ya 2004, ija inkatchedwa Bakili Bullets, imene idatulutsa Orlando Pirates n'kufika mu ndime ya m'magulu ya CAF Champions League. Sapota wa Maule wa zaka 45 akhoza kukufotokozerani mmene Fischer Kondowe ankathamangira m'mbali mwa bwalo, kapena ntchito imene James Chilapondwa ankagwira pakati. Koma mwana wake akafuna kudzionera yekha apita kuti? Kamuzu Barracks idatenga ligi mu 2016 matimu akuluakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe akuyang'ana. Ndi angati mwa ife amene tingatchule otchinga kumbuyo a timu imeneyo?

Wina anena kuti ndikukokomeza, kuti mpira amapambana ndi zigoli ndipo wogoletsa ayenera kulandira ulemu wochuluka. Winanso anena kuti akuluakulu akamakumbuka zakale amathira mchere, wosewera wamba amasanduka chiphona chifukwa choti adasewera iwo ali anyamata. Mfundo yachiwiriyi ili ndi choonadi chake. Aliyense amene adaphunzirako mbiri yofotokozedwa pakamwa amadziwa kuti munthu amakumbuka zomwe mtima wake udakonda. Koma yankho lake si kutaya umboniwo. Timafunsa anthu angapo, a timu zosiyana, n'kuyerekeza ndi zomwe zidalembedwa m'nyuzipepala za nthawiyo. Sapota wa Manoma akavomereza kuti wotchinga kumbuyo wa Maule ankawasowetsa mtendere, umboni umenewo ndi wolemera kuposa chikho cha pulasitiki. Pa mfundo yoyambayo, palibe akulanda wogoletsa ulemu wake. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mpira umene iye adaulowetsa muukonde udadutsa m'miyendo ya anthu ena asanaulandire.

Nkhaniyi si ya chikumbumtima chokha, ilinso ndi ndalama mkati. Dzina ndi limene limagulitsa wosewera. Wogoletsa amaonekera pa TV, ma ejenti amamufuna, mwayi wopita ku South Africa umamupeza msanga. Amene amagwira ntchito yosaoneka amasewera zaka khumi pamalipiro ochepa, bondo likavuta n'kubwerera kumudzi opanda kalikonse. Tikamuiwala, ngakhale mwayi woti aitanidwe kudzaphunzitsa ana kapena kuthandizidwa akadwala umatha. Timadzamukumbuka tsiku la maliro, ndi mauthenga a pa Facebook ndi chithunzi chimodzi chosaoneka bwino.

Kwathu kuno ziliponso, pamlingo wathu. Mabwalo afumbi a m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Chimbiya, Linthipe mpaka ku boma, adaona anyamata amene ankasewera opanda nsapato zampira, m'mabonanza omwe mphotho yake idali mbuzi kapena yunifomu. Mudzi uliwonse uli ndi goloboyi wake amene anthu amalumbira kuti akadapeza mwayi akadagwirira Flames. Ena mwa iwo lero akupalasa kabaza, ena akulima mbatatesi ndi kabichi m'madimba. Chifikireni Dedza Dynamos mu Super League, ana a kuno aona kuti munthu wa m'boma lino akhoza kusewera ndi Bullets kapena Silver Strikers pa Dedza Stadium. Koma chidwi chimenechi sichidayambe ndi Dynamos. Chidasungidwa ndi anthu amene mayina awo sadalembedwe paliponse.

Ndiye pempho langa likupita kwa anzanga a History, a Journalism, a Chichewa ndi ena nonse amene chaka chomaliza mumasowa mutu wa kafukufuku. Foni imene muli nayo m'thumba imajambula mawu. Holide ikubwerayi khalani pansi ndi amalume anu, ndi aphunzitsi opuma amene ankayang'anira timu ya sukulu, ndi amayi aja amene sankaphonya masewero a timu ya m'mudzi. Musawafunse kuti katswiri adali ndani, chifukwa akupatsani dzina lodziwika kale. Afunseni kuti ndi ndani amene akapanda kubwera timu inkasokonekera. Lembani dzina, malo amene ankasewera, zaka zake, ndi zomwe ankachita bwino. Ngati munthuyo ali moyo, kamupezeni. FAM ndi SULOM nawonso angachite bwino kusunga poyera mndandanda wa osewera onse a masewero aliwonse, osati omwetsa zigoli okha, ndipo matimu akhoza kumaitana akale awo pa masewero a pakhomo kuti ana awaone ndi maso.

Ndayamba kale mndandanda wanga ndi mayina asanu a kuno ku Chimbiya, ndipo atatu mwa iwo adali otchinga kumbuyo. Inuyo kwanu mungalembe ndani?