Manati a matayala asamaiwalidwe

Minibasi ikamanyamuka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, dalaivala amayang'ana mafuta, madzi ndi mpweya wa m'matayala. Amene amatenga sipanala kuyesa manati ndi ochepa, chonsecho manati ndiwo amagwira tayala paulendo wonse wa makilomita opitirira 300 pamsewu wa M1.

Nati ikakhwefuka, tayala limayamba kugwedera, mabowo a rimu amakula, mabawuti n'kuthyoka. Maenje a pamsewu ndi katundu wopyola muyezo zimafulumizitsa zimenezi. Tayala likaguluka galimoto ili paliwiro, limatha kupha ngakhale woyenda pansi m'mbali mwa msewu.

Kumangitsa kopyola muyezo nakonso n'koopsa. Makaniko akapondera sipanala ndi phazi, bawuti imatanuka n'kufooka. Pa Toyota Corolla, opanga amalamula kumanga manati ndi mphamvu ya ma Nm 103, ndipo pali sipanala yapadera yoyezera mphamvuyo. Manati amamangidwa modumphitsa, osati motsatizana, ndipo ayesedwenso galimoto ikayenda makilomita 50 mpaka 100 tayala litasinthidwa.

Chiphaso cha COF sichingamange nati yomwe yakhwefuka dzulo. Eni minibasi alamule madalaivala awo kuyesa manati m'mawa uliwonse asanakweze anthu.