ZA MAGALIMOTO: Kombi Yolira Lero, Mawa Nkukana

Palibe nthenda ya galimoto yosautsa mwini wace koposa ija yobwera ndi kupita. Galimoto ikafa kotheratu, makanika sacedwa kupeza cifukwa cace. Koma imene ilira bwino m'mawa, nkukana masana, nkuliranso madzulo, imatha ndalama, pakuti ikafika ku garaji imalira ngati yatsopano, ndipo makanika amangosintha zitsulo mongoganizira.

Sabata ino tikambe za Volkswagen Kombi, maka-maka zija zokhala ndi bedi ndi citofu m'kati, zimene apaulendo amagonamo. Kombi yotsiriza ya mtundu wakale inapangidwa ku Brazil m'caka ca 2013, koma ziripo zina zoyendabe za m'zaka za m'ma 1970, ndipo mawaya ace akalamba pamodzi nazo.

Nthawi imene yakana ndiyo nthawi yofufuza, tsono musathamangire kuitana okankha. Yatsani nyali zakutsogolo, potozani kiyi, wina aziyang'ana nyalizo. Zikazima kapena kufooka kwambiri, mlandu uli pa batire kapena pa mitu yace. Batire yodzala imaonetsa ma volt 12.6 pa mita, ndipo poliza injini isatsike kupitirira pa 9.6. Apa mwini Kombi yogonamo adzifunse ngati furiji ndi nyali za m'kati sizinacezere usiku wonse pa batire yomweyo.

Nyali zikakhalabe zowala, sitata nkukhala cete kapena kungogogoda kamodzi, batire isiyeni. Bvuto lagona pa mapangidwe a Kombi. Injini, batire ndi sitata zonse ziri kumbuyo, koma kiyi iri kutsogolo. Kotero magetsi amacoka kumbuyo kunka kwa woyendetsa, nabwereranso kumbuyo ku solenoid, kacipangizo kokhala pamsana pa sitata kamene kamaikankha kuti igwire injini. Ulendowu ndi pafupi-fupi kawiri utali wa galimoto, ndipo polumikiza pali ponse pamene pacita dzimbiri pamadya mphamvu pang'ono. Injini ikali yozizira, mphamvu yotsalayo imakwana. Koma solenoid ikatentha, waya wa m'kati mwace salola magetsi kudutsa bwino, ndipo imalephera kukoka. Ndico cifukwa cace Kombi yocoka ku Lusaka ikhoza kukana pothira mafuta pa Nyimba, nkudzalira yokha itapumula theka la ola.

Ambiri pamenepa amagula sitata yatsopano. Imeneyi ndi ndalama yotaya, pakuti sitata yatsopano pa waya wadzimbiri idzakananso posacedwa. Yambani ndi sandipepa. Palani mitu ya batire mpaka iwale, palaninso kawaya kakang'ono kolowa pa solenoid, pa nambala 50, ndi kukafinya kuti kagwire zolimba. Musaiwale lamba wa waya wolukidwa wolumikiza giyabokosi ndi chesisi kunsi kwa galimoto. Lamba ameneyu ndiye njira yobwerera magetsi a sitata, koma popeza amakhala m'matope ndi m'mafuta, ndi owerengeka amene amamukumbukira.

Zikapitirira, uzani wa magetsi a galimoto aike relay pafupi ndi sitata. Relay imatenga mphamvu molunjika ku batire, ndipo kiyi imangotsala ndi nchito yopepuka yoiuza kuti itseke. Kacipangizoka nkochipa kutali-tali poyerekeza ndi sitata. Ngati sitata izungulira molemera ngakhale batire iri yodzala, aonenso kabushi ka m'giyabokosi momwe mumalowa nsonga ya sitata, pakuti kakatha, sitata imapendekeka nkumakhula.

Sitata ikamazungulira mwamphamvu koma injini osagwira, imeneyo ndi nkhani ina: petulo kapena moto. Onani mawaya a pa koyilo, ndi mpata wa mapoyinti umene uyenera kukhala mamilimita 0.4.

Musanagwire waya ali yense wa pa sitata, cotsani mutu wa negative pa batire, cifukwa waya wamkulu wa pamenepo amakhala ndi moto nthawi zonse, ngakhale kiyi iri m'thumba. Giya ikhale pa nyutulo, handibuleki yokoka, miyala ku matayala, ndipo munthu asalowe kunsi kwa Kombi yoimikidwa pa jeke yokha.