Njala Siphunzitsa Luso

Pali mawu amene timawamva kaŵirikaŵiri, ngakhale pakati pa ife akhristu, akuti mavuto ndiwo amasula munthu waluso. Ine mawu ameneŵa ndikuwakana, ndipo mboni yanga ndi Arshile Gorky, mmisiri wojambula zithunzi ndi utoto, wa mtundu wa anthu a ku Armenia.

M'chaka cha 1915, pamene anthu a mtundu wake anali kuphedwa mu ufumu wa Ottoman, mnyamatayu anathaŵa kwawo kufupi ndi nyanja ya Van pamodzi ndi mai ake ndi alongo ake. Mu 1919 mai akewo anamwalira ndi njala mu mzinda wa Yerevan. Chaka chotsatira iye anafika ku America, kumene anataya dzina lake lobadwa nalo la Vostanik Adoian.

Ku New York anatha zaka pafupifupi khumi akujambula chithunzi cha iye mwini ndi mai ake, potsanzira chithunzi cha kamera cha mu 1912. Ankapaka, nkupala, nkupakanso. Manja a maiwo anawasiya osamaliza, oyera ngati okulungidwa m'nsalu. Lero anthu amaima patsogolo pake mu Whitney Museum nati: "Onani zimene masautso amabala!"

Iyai, abale anga. Masautso anabala mwana wamasiye. Lusolo linali mphatso ya Mulungu, ndipo linakula chifukwa mnyamatayo anapeza dziko lomulandira, sukulu ndi utoto. Kodi ana anzake amene anagwera panjira, zithunzi zawo zili kuti? Ngakhale bala la iye mwini silinapole: mu 1948, atazingwa ndi matenda ndi ngozi, anadzipha.

Mawu otamanda mavuto ndi okoma kwa ife okhuta, chifukwa amatimasula pa udindo. Komatu palibe mkhristu amene amathokoza Herode kuti anathamangitsira Mwana Yesu ku Ejipito.

Nkhaniyi si yakutali. Pa nthaŵi ya nkhondo ya ku Mozambique, Malaŵi anasunga othaŵa oposa miliyoni imodzi, ndipo msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994, waleredwamo ana ambiri. Makolo athu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tsono mukaona mwana wothaŵa nkhondo akulemba pansi ndi khala, musamati mavuto adzamkhwimitsa. Mpatseni nsima, mpatseninso pepala ndi pensulo.