Phula la M'khutu Lingakhale Mboni M'bwalo la Milandu

Awerengi athu a ku Thyolo akudziwa kuti apolisi akagwira munthu ndi thumba la chamba, masambawo amatumizidwa ku malo ofufuzira za ulimi a ku Bvumbwe, kumene akatswiri amatsimikiza ngati ndi chambadi. Koma tsamba silinena ngati woyendetsa thirakitala amene wagubuduza ngolo ya tiyi kumtsetse anasuta kapena ayi. Yankho lotere limafunidwa m'thupi mwa munthuyo, ndipo apa ndi pamene pamavuta, pakuti mankhwala ambiri sakhalitsa m'magazi ndi m'mkodzo, ndiponso magazi otengedwa amawonongeka msanga akapanda kusungidwa pozizira.

M'chaka cha 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Goiás ku Brazil anasonyeza kuti phula la m'khutu limasunga zizindikiro za mankhwala amene munthu wakhala akumwa. Iwo anapima odwala ndi kupezamo mankhwala a khunyu, ogonetsa ndi a matenda a maganizo. Chaka chomwecho a ku Frankfurt, ku Germany, anapeza mankhwala ozunguza bongo m'phula la anthu akufa. Phulali limaunjikana pang'onopang'ono, kulitenga sikufuna jakisoni, ndipo kulinyamula n'kosavuta.

Komabe tisafulumire kuwomba m'manja. Makina opimira ndi okwera mtengo, ndipo njirayi idakali m'manja mwa ofufuza. Chachikulu n'chakuti phula limangonena kuti mankhwala analowa m'thupi masiku apitawo. Silinena kuti munthuyo anali woledzera pa ola la ngozi. Woweruza amafuna kudziwa za olalo.

Pali chinanso chimene eni minda ndi atsogoleri a antchito ayenera kuchilingalira nthawi isanathe. Mayi wothyola tiyi amene amamwa mankhwala a khunyu ochokera ku chipatala cha Boma sanalakwire lamulo, koma kapitawo wosadziwa ataona pepala lotchula mankhwalawo angamuchotse ntchito, pamene ntchito zambiri za m'minda muno ndi za nyengo ya mvula yokha.

Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chilolezo, koma kusuta kukadali mlandu. Tsono njirayi ikadzafika kuno, ife tikuona kuti kupima kudzakhale kwa dokotala ndi apolisi, mwa chilolezo cha bwalo la milandu, osati kwa kalaliki wa pa geti ya fakitale.