Njinga yopanda katundu ku Kuti

Ku Salima njinga ndi khasu la anthu ambiri. Anyamata a kabaza amakulandira usanatsike n'komwe minibasi, ndipo m'mawa misewu yolowera m'tauni imadzaza ndi njinga zosenza makala, nkhuni ndi mbuzi zomangidwa pakaliyala. Ndiye kauzeni munthu wa kumeneko kuti mwalipira pageti kuti mukapalase m'tchire, opanda katundu, n'kudzatulukira pomwe munalowera. Adzakufunsani ngati kunyumba kuli bwino.

Komabe ine ndikuti pitani mukayese. Malo ake ndi Kuti, nkhalango yosungirako nyama ya mahekitala pafupifupi 2,000, kufupi ndi tauni ya Salima, ulendo wa makilomita ngati 100 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M14. Kale inali famu ya ng'ombe. Lero muli mbidzi, mphalapala, nswala, ngoma, nakodzwe, njiri, apusi ndi anyani.

Chimene chimapatsa Kuti mwayi ndi nyama zimene mulibe. Mulibe mikango, mulibe njovu. Ku Majete, kumene mikango inabwezeredwa mu 2012, kapena ku Liwonde, kumene inafika mu 2018, mlendo amaonera nyama pawindo la galimoto, ndipo akafuna kuyenda pansi pamafunika womulondera wamfuti. Ku Kuti umangokwera njinga n'kumapita, ngakhale ndi mwana wa sitandade 5.

Njira zake n'zosavuta. Dera la kunyanjali ndi lachidikha, palibe chitunda chokutsitsa panjinga monga za ku Zomba kapena ku Viphya. Akatswiri a njinga za m'mapiri, aja ovala zothina, amati njira yotere ndi ya ana. Ayi ndithu, asiyeni azikathamanga ku Luwawa. Pa njira yovuta maso amakhala pa tayala lakutsogolo, kuopa mwala ndi muzu, moti munthu amatuluka m'nkhalango osaona nkhalangoyo. Pa yosavuta mutu umadzuka. Injini palibe, ndiye umamva nkhanga zikupalasa m'masamba ouma, umamva nswala ikufwenthera kuchenjeza zinzake, ndipo fungo la mbidzi limakupeza usanazione. Ndinaona kuti ukamapalasa pang'onopang'ono osaima, mbidzi zimangotukula mitu n'kupitiriza kudya. Ukangotsika kuti ujambule bwino, basi, fumbi lokhalokha. Munthu woimirira ndi miyendo iwiri zimamudziwa kuyambira kale.

Sikuti mulibiretu mayeso. Mchenga ulipo, ndipo umagwetsa odzitama. Ukaufika usagwire buleki yakutsogolo, ika giya yopepuka, khalira kumbuyo kwa chishalo, miyendo isaleke kupalasa, handulo usalimbane nayo. Matayala akakhala opopa kwambiri amamira, choncho kuphwetsako mpweya pang'ono kumathandiza. Mdani wina ndi minga.

Chimene chimandiwawa n'chakuti malo ngati awa tinawasiyira alendo. Timati ndi za azungu. Mabanja ambiri ochokera ku Lilongwe amadutsa pa Salima Loweruka lililonse, nyimbo zili pamwamba, kuthamangira ku Senga Bay kukakhala pamchenga ndi chambo chootcha, osakhotako n'komwe. Chambo ndilibe nacho mlandu. Koma mwana amene mbidzi amaidziwira pa chithunzi cha m'buku la sukulu, pomwe yamoyo ili pafupi ndi msewu umene bambo ake amadutsa, tamumana kanthu. Ndipo nkhalango imene eni dziko saipondamo imasowa oilankhulira tsiku limene nkhwangwa ndi misampha zafika pampanda. Mitengo m'midzi yozungulira ikutha, aliyense akuona, ndipo amene amaotcha makala sachita dala, ndi njala. Woyendetsa galimoto ya boma amene anapalasapo pansi pa mitengo ya ku Kuti angaganize kawiri asanakweze matumba khumi a makala pobwerera ku likulu.

Mukafuna kupita, sankhani miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, kunja kukuzizirira. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la ku Salima silichita nthabwala, ndiye lawirirani mbandakucha kapena dikirani lipendeke, nthawi imenenso nyama zimatuluka m'mithunzi. M'dzinja dothi la m'madambo limakakamira kumatayala mpaka njinga kukana kuyenda. Tengani madzi okwanira, pampu, chubu chapadera ndi chipewa cholimba choteteza mutu, ndipo funsiranitu ngati njinga zobwereka zilipo tsiku limenelo.