*29 OGASITI: ATIBERA OKHA, TSIKU LOSIYA KUDANDAULA AIKANSO OKHA*

Lachinayi, 15 Ogasiti 2019

Uthenga wa lero ndi wautali, pepani ndi bandulo, koma werengani mpaka pansi chifukwa mwina muli ndalama za makolo anu mmenemu.

Kwatsala masabata awiri ndendende. Lachinayi pa 29 Ogasiti, nthawi ikangokwana 11:59 usiku ku UK, mabanki a kumeneko asiya kulandira madandaulo a anthu omwe anawagulitsa mwachinyengo inshulansi ya pa ngongole yotchedwa PPI. Kuno kwathu ikhala ili 12:59 usiku womwewo. Wochedwa ndi mphindi imodzi, ndalama zake zatsalira banki.

Tikudziwa ena mwayamba kale kutaipa kuti admin, ife maso ali ku khothi pa nkhani ya Tippex, za ku UK zatikhudza pati? Zatikhudza, aise. M'zaka za m'ma 2000 manesi athu ambiri anasamukira ku UK, ena anapita kusukulu, ena kukasamalira okalamba. Anthuwa anatenga ngongole za galimoto, za nyumba, makadi a ngongole, ena mipando ya pangongole m'masitolo. Ndalama zomwe zinkabwera kuno za fizi ndi malata zinkachokera m'thukuta lomwelo lomwe mabanki ankadulako mwakachetechete. Ndipo ena mwa iwo anabwerera kale kumudzi. Ali ku Namiwawa, ku Area 47, ku Katoto, sakudziwa n'komwe kuti kuli tsiku lotseka.

Pa pepala PPI imaoneka yachifundo: ukadwala, ukachita ngozi kapena ntchito ikakuthera, inshulansiyo izikulipirira ngongole kwa kanthawi. Kuba kunali pa kagulitsidwe. Ena ankangowaikira osawauza. Ena ankauzidwa kuti popanda inshulansiyi ngongole situluka, pomwe linali bodza lamkunkhuniza. Ankagulitsa chitetezo cha ntchito kwa anthu opuma pantchito, kwa ana asukulu, kwa ochita bizinesi zawozawo, anthu oti malamulo a inshulansi yomweyo sakanawalola kudzalandira ndi tambala yomwe. Wodwala msana ankalipira mwezi ndi mwezi, tsiku lokapempha thandizo n'kumuuza kuti matenda omwe unabwera nawo kale sitiwerengera. Choipitsitsa, pa ngongole zambiri mtengo wonse wa inshulansi ankauthira pamwamba pa ngongoleyo tsiku loyamba lomwelo, munthu n'kumalipira chiwongoladzanja pa chinthu chomwe sanachipemphe. Akatapila akwathu kuno ndi ana pamenepa. Bungwe loyang'anira mabanki la FCA limati ma PPI omwe anagulitsidwa afika mwina 64 miliyoni, ambiri pakati pa 1990 ndi 2010.

Tsono taonani mmene mabanki anaisewerera nthawi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Bungwe la Citizens Advice linakadandaula za PPI ku boma mu 2005. Zinatenga mpaka 2009 kuti kugulitsa PPI yothiridwa yonse pa ngongole kuja kuleke. Akuluakulu oyang'anira mabanki atalamula kuti madandaulo aziunikidwa mwachilungamo, bungwe la mabanki la British Bankers' Association linathamangira kukhothi, ndipo mabanki angapo anaimika madandaulo a anthu podikira chigamulo. Anagonja pa 20 Epulo 2011. Patangopita masabata ochepa Lloyds yokha inaika padera mapaundi 3.2 biliyoni obwezera anthu. Kuchoka 2005 kufika 2011 ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokokakoka, ndipo nthawi yonseyo palibe anawapatsa tsiku lomaliza. Koma zitangoyamba kuwawa m'thumba, mu 2013 mabanki omwewo anali kale pakhomo la oyang'anira kupempha kuti paikidwe malire a nthawi. Mu Malichi 2017 FCA inawapatsa zomwe ankafuna.

Ndipo musaganize kuti atagonja kukhothi anasanduka angelo. Mu Juni 2015 Lloyds inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 117 miliyoni chifukwa chokana madandaulo a PPI mopanda chilungamo. Mu Epulo chaka chomwecho Clydesdale Bank inalipitsidwa 20.6 miliyoni, ndipo zina mwa zomwe zinapezeka ndi zoti antchito ena ankasintha mapepala otuluka mu kompyuta kuti zioneke ngati banki ilibe zikalata za kasitomala, n'kukapereka zabodzazo kwa Ombudsman. Anthu amenewa ndiye omwe lero akuti makasitomala achedwa.

Nkhani ya Mayi Susan Plevin muidziwe. Ndi mayi wamasiye, mphunzitsi wa pa koleji. Mu 2006 anabwereka mapaundi 34,000 ku Paragon Personal Finance oti abweze pa zaka khumi. Anamuthiriranso 5,780 ya PPI, yomwe inkateteza zaka zisanu zokha. Pa 5,780 imeneyo, kampani ya inshulansi inalandira 1,630 basi. Yotsalayo, 4,150, inali komishoni yogawana wobwereketsa ndi mkhalapakati, 71.8 peresenti, ndipo mayiyo palibe anamuuza. Mu Novembala 2014 khothi lalikulu kwambiri la Supreme Court linagamula kuti kubisa komishoni yotereyi kunali kupanda chilungamo. FCA inatani? Inati chabwino, komishoni yobisidwa ikapitirira theka, banki ibweze yapamwamba pa thekalo. Ndiye kuti kukudyera theka mwamseri n'kololedwa, eti? FCA yomweyo imati mabanki ankatenga komishoni ya pafupifupi 67 peresenti. Choncho anthu ambiri amene anali ndi PPI ya ku banki ali ndi podandaulira, ngakhale amene anakanidwa kale pa mfundo ya kagulitsidwe. Koma lamulo la Plevin linayamba kugwira ntchito pa 29 Ogasiti 2017, tsiku lomwelo wotchi yotsekera inayamba kuyenda. Anabisa komishoni kwa zaka makumi awiri, anthu awapatsa zaka ziwiri.

A FCA ali ndi yankho lawo ndipo tilimve. Akuti tsiku lomaliza limadzutsa ogona, nkhaniyi iyenera kutha mwadongosolo, mabanki adziwe pomwe ali. Anasonkhetsa mabanki mapaundi pafupifupi 42 miliyoni opangira kampeni, ija ya mutu wa chidole wa Arnold Schwarzenegger woyenda pa timateyala, kukalipira anthu pa TV kuti apange chiganizo. N'zoona, anthu ambiri adzuka, ndipo ndalama zomwe zabwezedwa kuyambira 2011 zapitirira mapaundi 35 biliyoni. Koma mutu wa Arnold sunaonekepo pa MBC. Sunafike kwa nesi wopuma amene akuweta nkhuku ku Lunzu. Sunafike kwa ana a bambo amene anamwalirira ku Luton, mapepala ake ali m'sutikesi yomwe palibe anaitsegula chiikireni maliro. Amene atsekeredwe kunja pa 29 si ochenjera odziwa kulemba makalata. Ndi okalamba, odwala, osamuka, ofedwa, ndi aja omwe anawaikira PPI osawauza, omwe akaona Arnold amati zimenezo si zanga, ine sindinagulepo inshulansi. Banki ikabisa bwino kwambiri, ndiyo ipindule kwambiri ndi tsikuli.

Wina anena kuti malamulo a ku UK amaika malire kwa onse, ngakhale banki singakutengere kukhothi pa ngongole wamba pakatha zaka zisanu ndi chimodzi usanalipireko kapena kuivomera. Inde. Koma banki imadziwa ngongole yake kuyambira tsiku loyamba. Ili ndi kompyuta, maloya, ndi gulu la anthu olembedwa ntchito yokuimbira foni. Kasitomala sankadziwa kuti waberedwa. Ndi chifukwa chake lamulo lakale la Ombudsman linali ndi nzeru: zaka zisanu ndi chimodzi kuchokera pomwe zinachitika, kapena zaka zitatu kuchokera pomwe unadziwa, kapena unayenera kudziwa, kuti pali cholakwika. Wotchi inkadikira kuti munthu atsegule maso. Tsiku la 29 Ogasiti likufufuta zimenezo: udziwe usadziwe, kwatha. Kwathu timati mlandu suwola. A FCA aupatsa tsiku lowolera.

Funso lomwe sitinamve yankho lake lokhutiritsa ndi ili: mndandanda wa omwe anagulitsidwa PPI uli ndi ndani? Uli ndi mabanki. Amadziwa amene anali wopuma pantchito tsiku losaina, amadziwa komishoni yomwe anadya pa aliyense mpaka pa peni. Bwanji osawalamula kuti aunike okha mafayilo onse n'kubweza popanda kudikira kuti woberedwa abwere atagwada? Munthu akakubera foni ku Tsoka n'kugwidwa nayo m'thumba, apolisi sakuuza kuti ulembe kalata pasanafike Lachinayi apo ayi foniyo ikhala yake. Ife tikuti tsikuli lichotsedwe, kapena mabanki akakamizidwe kufunafuna okha aliyense wotsala. Inu a ku UK, lemberani phungu wa dera lanu zimenezi. Komabe musakhale pansi kudikira kuti amve, masiku khumi ndi anayi ndi ochepa.

Usiku uno imbirani amayi, amalume, azakhali, aliyense amene anakhalapo ku UK ndipo anatengako ngongole kapena khadi m'zaka zimenezo. Afunseni mwaulemu, pajatu akuluakulu sakonda kukamba za ngongole ndi ana. Muwauze kuti palibe chochititsa manyazi, olakwa ndi mabanki. Kukhala ku Malawi sikuletsa kudandaula, ngongole yomwe inatha kalekale ikuwerengedwabe, ndipo ngati mwiniwake anamwalira, woyang'anira chuma chamasiye angadandaule m'malo mwake. Mapepala akasowa musagwe mphwayi. Dzina lonse, dzina lakale ngati anasintha atakwatiwa, tsiku lobadwa ndi maadiresi onse omwe anakhalako zimathandiza banki kufufuza. Mabanki ena anasintha maina: za Abbey National ndi Alliance & Leicester zili ku Santander, Halifax ili m'gulu la Lloyds. Mabanki akuluakulu ali ndi fomu ya PPI pa intaneti. Polemba musangoti ndikufunsa ngati ndinali ndi PPI. Nenani mosapsatira kuti ndikudandaula za kagulitsidwe ka PPI komanso za komishoni yomwe sindinauzidwe. Dandaulolo liyenera kukhala litafika pofika tsikulo, osati litangoponyedwa, ndiye za positi ofesi kuchokera kuno iwalani. Jambulani sikirini mukatumiza, musunge nambala yomwe akupatseni.

Banki ili ndi masabata asanu ndi atatu oti iyankhe. Ikakana, kapena ikapereka zochepa, muli ndi miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa kalata yawo yomaliza yokasuma ku Financial Ombudsman Service, ngakhale 29 Ogasiti itadutsa. Wina wotchi ameneyo, musamugonere. Ikavomera kuti inagulitsa molakwika, imabweza zomwe munalipira kuphatikizapo chiwongoladzanja cha 8 peresenti pachaka.

Zonsezi ndi zaulere. Makampani aja oimba mafoni kuti tikuthandizeni kutenga ndalama zanu ndi afisi achiwiri pa nyama yomweyo. Kale ena ankadula kupitirira kotala, pano lamulo linawaikira malire a 20 peresenti kuphatikiza VAT pamwamba, koma ntchito yomwe amagwira ndi fomu yomweyo yomwe mungadzaze nokha pa foni mukudikira minibasi. Ndipo wina akakupemphani ndalama patsogolo kuti akutulutsireni za PPI, dulani foni.

Amene fomu yachizungu ikuwavuta, lembani pa gulu, tithandizana kumasulira, koma manambala a akaunti ndi masiku obadwa musaponye pagulu. Tumizani uthengawu ku magulu a banja, a mpingo ndi a anzanu a kusekondale omwe ali kunja. Lachinayi, 29 Ogasiti, 11:59 usiku nthawi ya ku UK.